Nkhuku Zinafa, Matimati Anapsa: Nkhani ya Dimba la Pakhomo ku Mangochi m'Chilimwe cha 2024

Lipoti ili ndalembera alangizi anzanga a mbewu ndi a ziweto, makamaka amene timagwira ntchito m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja. Ndi nkhani ya khomo limodzi lokha, limene ndinaliyendera maulendo 7 kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala 2024. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya dala. Zina mwa zolakwika m'nkhaniyi ndi zanga, ndipo ndazilemba momwe zinakhalira.

Pakhomo pake

Khomoli lili kumtunda, kuzambwe kwa mtsinje wa Shire, ulendo woposa ola limodzi pa njinga yakapalasa kuchoka pa boma la Mangochi. Mwini wake ndi mayi wamasiye amene amakhala ndi mwana wawo wamkazi, mkamwini ndi adzukulu atatu. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka mabedi 8: atatu a matimati, awiri a mpiru, limodzi la repu, limodzi la chayinizi, ndi lina limene anagawa pakati, theka anyezi theka nazale. Mpanda wake ndi wa tsekera, koma mbali imene udzu unaperewera anakokapo ukonde wa udzudzu wakutha. Nkhuku zinalipo 14, zonse zachikuda: tambala mmodzi, zazikazi zoikira 6, ndi misoti ndi zina zongokula kumene 7. Usiku zinkagona m'khola, masana zinkadziyendera.

Kadimbaka ndi kamene kankagula sopo, mchere ndi makope a ana. Mayiwo ankamanga ndiwo m'timitolo, mdzukulu wamkulu n'kumayenda nazo m'mudzi madzulo.

Tonse tikukumbukira mmene chakacho chinalili. El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumabweretsa chilala kuno, anadula mvula chimanga chili pofuna kumasula, ndipo mu Malichi 2024 pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Kuno zinthu zinachita kudabwitsa: nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe, pamene kumtunda, makilomita owerengeka chabe, anthu ankadzuka mbandakucha kukaima pa mzere wa pa mjigo. Chitsime cha m'dambo chimene mayiwa amathirira dimba, chimene zaka zina chimafika Okutobala, chinaphwa mu Julayi.

Kuti nyengo yozizira siigwa mvula ku Mangochi, imeneyo si nkhani. Nkhani ndi yakuti zaka zabwino nthaka imalowa m'nyengoyi ili ndi chinyezi chotsalira, madambo amakhala obiriwira mpaka Ogasiti, ndipo tizilombo, nkhuku ndi mbuzi zimakhala ndi kwina kopita. Chaka chimenechi nthaka inalowa m'chisanu ili gwa. Mwera unangouluza fumbi, tchire linapsa msanga ndi moto wa osaka mbewa. Pofika Ogasiti, munthu ukaima pa chulu n'kuyang'ana mudzi wonsewo, chobiriwira chinali mitengo ya mango, ya nimu, ndi kadimba aka. Chamoyo chilichonse cha njala kapena ludzu chinkalowera kumeneko. Mfundo imeneyi ndinaimvetsa mochedwa.

Ulendo woyamba

Ndinafika sabata yachiwiri ya Ogasiti, mayiwo atandiimitsa pa msonkhano wa kalabu. Dandaulo lawo linali la nsabwe. Repu ndi mpiru zinali zitapota masamba, ndipo kunsi kwa tsamba nsabwe zotuwa zinali mbwee, ngati wina wawazapo phulusa. Nyerere zinali pikitipikiti kukwera ndi kutsika m'mapesi a ndiwozo, kutsata timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa. Ndinaonanso abwenzi a mlimi: tizikumbu tofiira ta madontho akuda ndi ana ake, amene amadya nsabwe. Zimenezo zinandilimbitsa mtima kuti vutoli silinafike pofuna mankhwala a m'sitolo.

Dimba lonse linkalandira ndowa 6 zokha pa tsiku, za ku mjigo, zosenza pamutu. Mbewu zinkafota dzuwa likangofika paliwombo. Pa masamba a munsi a matimati panali timadontho tachikasu ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano. Ndinatiyang'ana ndili chiimire, n'kunena kuti ndi ludzu. Tsambalo sindinalitembenuze.

Malangizo anga anali atatu. Athothole masamba ogwidwa kwambiri n'kuwakwirira. Apopere madzi a sopo madzulo, kunsi kwa masamba, kawiri pa sabata. Aphimbire mabedi kuti madzi ochepawo asamathawe msanga. Za nkhuku ndinangoti, "Amayi, mpandawu muukonze," basi. Sindinafunse kuti nkhukuzo zimamwa kuti. Sindinafunse ngati m'nyumbamo muli mankhwala opopera, kapena amene amapopera pakhomopo ndani. Safunsa anadya phula.

Ulendo wachiwiri: walira mvula walira matope

Ndinabwereranso kumayambiriro kwa Sepitembala. Mayiwo anali atachita zonse zimene ndinanena. Popeza udzu unali utapsa, anaphimbira ndi mapesi a chimanga, mulu wochindikala, wogunda m'tsinde mwa mbewu. Chinyezi chinasungikadi. Koma mapesi onyowa pa nthaka youma ndi phwando la chiswe. Chiswe chinadzaza kunsi kwa mapesi, chinayamba kuboola tsinde la matimati ofooka, ndipo nkhuku zitachinunkhiza zinang'amba ukonde uja n'kulowa. M'masiku awiri zinapalasa nazale yonse, zinajompha chayinizi mpaka kutsala mitsitsi ya masamba, ndipo zinafukula mizu ya mpiru posaka chiswe.

Pali mawu amene timakonda kunena pa misonkhano, akuti nkhuku zimathandiza kuchepetsa tizilombo m'dimba. Ndi oona, koma theka lokha. Nkhuku imagwira ntchito pa nthaka: chiswe, mbozi zodula mbande, mphutsi, ziwala, tizilombo tobisala m'dothi. Za pa tsamba, monga nsabwe ndi akangaude ofiira, ilibe nazo ntchito. Ikajompha tsamba la nsabwe imakhala ikufuna tsambalo. Ndipo chaka chimene kunja kulibe kamsipu n'kamodzi komwe, nkhuku ya njala ikalowa m'dimba imawononga kuposa mbozi.

Chachikulu chinali pa matimati. Masamba anali atasanduka ofiirira ngati owauka ndi moto, ndipo kunsonga kunali ulusi wopyapyala. Ulendo uno ndinagwada. Ndinang'amba pepala loyera m'kope langa, n'kuliika kunsi kwa tsamba, n'kugwedeza. Panagwa timadontho tofiira ngati fumbi la njerwa. Mdzukulu wamng'ono, amene maso ake ndi akuthwa kuposa athu, ndiye anafuula: "Agogo, fumbili likuyenda!" Nditapsinja ndi chala, papepalapo panatsala timizere tofiira. Akangaude ofiira.

Nditafunsitsa, mayiwo anaulula kuti mkamwini wawo, ataona kuti sopo akuchedwa, anapopera dimba lonse kawiri ndi cypermethrin wotsala ku munda wa thonje. Nsabwe zinagwa masiku oyamba, kenako zinabwerera. Tizikumbu tofiira tija sindinationenso n'kamodzi komwe.

Apa ndi pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa cholakwa chimenechi chimachitika m'madimba ambiri a matimati chilimwe chilichonse. Kangaude wofiira si wa gulu limodzi ndi nsabwe kapena mbozi. Wamkulu ali ndi miyendo 8, ndi mbale wake wa nkhupakupa. Mankhwala a gulu la cypermethrin samuchita kanthu kwenikweni, koma amapha tizilombo timene timamudya. Kukatentha ndi kuuma, amachoka pa dzira kufika poikira mazira ake m'sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Amakonda mbewu yaludzu ndi tsamba lafumbi, ndipo mphepo imamunyamula kuchoka pa mbewu ina kupita pa ina. Ndiye taganizani: matimati aludzu, fumbi la mwera, kutentha kwa Sepitembala, kenako munthu n'kudzapha adani ake onse. Timadontho tachikasu timene ndinatinyoza mu Ogasiti tinali chiyambi chake. Ndikanatembenuza tsamba tsiku lija, tikanathothola masamba a munsi n'kutsuka otsalawo ndi madzi a sopo, mwina mabedi awiri akanapulumuka.

Ndinalangiza kuti kupopera cypermethrin kulekeke, ndipo bedi limene linapsa kwambiri lizulidwe. Mayiwo anakana. "Alangizi, taonani tizipatsoti. Matimati akudula kumsika. Ndizule ndalama ndi manja anga?" Sindinawakakamize. Tinagwirizana kuti athothole masamba oipitsitsa, apungule mapesi, ndipo tionenso pakatha sabata ziwiri. Mkamwini tsikulo anali kunyanja kokagula usipa wa geni. Ndinasiya uthenga kwa apongozi ake kuti akamuuze. Amene akudziwa mmene mpongozi ndi mkamwini amalankhulirana kwathu kuno angaone okha kuti uthenga wotero sufika wathunthu. Mayi sangaime pamaso pa mkamwini n'kumuuza kuti walakwitsa. Zimadzera mwa mwana wamkazi, ndipo pofika kumeneko mawu akuti "musapoperenso" anasanduka "mankhwala aja akuti ndi ofooka".

"Chitopa chalowa"

Sabata yomaliza ya Sepitembala, m'mawa, foni inalira. Anali mwana wamkazi wa mayi aja. "Alangizi, chitopa chalowa. Nkhuku zisanu zafa usiku, zina zikungogwa."

Panalibe chodabwitsa m'mawu amenewo. Miyezi yotentha imeneyi ndi imene chitopa chimasesa nkhuku m'midzi, ndipo aliyense akaona nkhuku ikufa amatchula dzina lomwelo. Ndinadzera kwa mnzanga mlangizi wa ziweto, tinakwerana pa njinga yamoto. Titafika tinapeza madzi ali pamoto, tambala ali m'beseni kudikira kusosoledwa. Chaka cha njala nyama siitayidwa. Mnzangayo anapempha kuti ayambe aima kaye.

Nkhuku zitatu zodwala zinali pansi pa nkhokwe. Zinkatuluka dovu kukamwa, zinkanjenjemera, zinkapuma movutikira, miyendo italobodoka, ndipo zinkatsegula m'mimba. Zina mwa zizindikiro zimenezi zimapezekanso pa chitopa, n'chifukwa chake kusokoneza n'kosavuta. Chimene chinatithandiza si kuyang'ana nkhuku, koma mafunso.

Kodi zinalandira katemera? Inde, mu Julayi, wa chitopa wotchedwa I-2, wodontheza m'diso, zonse. Kodi kwa aneba kwafa nkhuku? Ayi, ngakhale imodzi, chonsecho zimadyera limodzi kudzala. Kodi dzulo m'mawa zinali bwanji? Zinali bwinobwino, tambala analira monga mwa masiku onse. Palibe imene inayamba yazyolika kapena kuleka kudya. Nanga thadzi limene likufungatira mazira m'khitchini? Lili bwino, silinatuluke dzulo lonse. Chitopa sichisankha chotero. Sichidumpha nkhuku ya m'khitchini ndi za aneba n'kugwetsa zisanu zakatemera usiku umodzi.

Ndinafunsa kuti dzulo kudimba kunachitika chiyani. Panakhala kachetechete. Kenako mkamwini, amene anali atakhala patali pa mpando wa ndalema, anadzuka n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo. Anakagula pa tsiku la msika kwa wogulitsa wa pansi. Chizindikiro chake chinali chong'ambika, malangizo a kasakanizidwe kulibe, koma dzina linkawerengeka: dimethoate. Anathira zivindikiro zingapo mongoyerekeza, anawonjezamo cypermethrin wotsala uja kuti "akhale wamphamvu", n'kupopera dimba lonse masana dzuwa lili phwee, mpaka madzi kuyenderera pa mapesi. Atamaliza anatsukira sipuleya m'beseni lakale kuseri kwa bafa, n'kusiya madziwo pompo kuti adzathire pa nthochi.

Tinapita kukaona. Beseni linali pafupifupi louma, m'mphepete mwake muli mapazi a nkhuku okhaokha. M'dimba, pa ukonde panali chibowo chatsopano, mapesi atamwazidwa.

Pakhomo ponsepo panalibe chomwera nkhuku. Zaka zonse zinkamwa kudambo ndi pa matope a pachitsime. Chitsime chitaphwa, palibe anaganizako. Zinkangodalira madzi otayidwa potsuka mbale. Tsikulo zinapeza beseni la madzi, zinamwa. Zina zinalowa m'dimba n'kudya chiswe chonyowa ndi mankhwala. Dimethoate ndi wa gulu la mankhwala otchedwa organophosphate, ndipo ndi poizoni woopsa kwa mbalame ndi njuchi. Dovu, kunjenjemera ndi kufa ziwalo ndi mmene amagwirira.

Zimene tinachita tsiku lomwelo zinali zochepa koma zosakambirana. Nkhuku zakufa zonse, ndi tambala yemwe, zinakwiriridwa m'dzenje lakuya kuti agalu asafukule. Apa panali kulimbana, ndipo amene anathetsa nkhani ndi mayi aja, poti, "Ndataya nkhuku, sindifuna kutayanso mdzukulu." Zodwala tinaziika pa mthunzi ndi madzi oyera. Zotsalazo zinatsekeredwa m'khola. Mazira oikiridwa m'sabata ziwiri zotsatira tinati asadyedwe kapena kugulitsidwa. Beseni linabooledwa kuti lisadzagwirenso ntchito, dothi la pamalopo linapalidwa n'kukwiriridwa. Ndinafunsanso mkamwini ngati akumva mutu, chizungulire kapena nseru, poti anapopera atavala kabudula, wopanda chotseka pakamwa. Anati mutu unamuwawa usiku. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala ndi botololo m'manja, ndipo anapita. Mwa zodwala zitatu, imodzi inafa mawa lake, ziwiri zinadzuka. Zinatsala nkhuku 8.

Ndiwo zamasamba zinali vuto lina. Dimethoate amalowa m'kati mwa mbewu, kutsuka sikumuchotsa, ndipo popeza mulingo unali wongoyerekeza komanso wosakaniza, panalibe masiku odikira amene ndikanawatchula ndi mtima wokhazikika. Timitolo ta madzulo amenewo tinali titamangidwa kale. Tinamasula, tinakwirira. Mpiru, repu ndi chayinizi zonse zinazulidwa.

Pansi pa mtengo wa mango

Patatha masiku atatu ndinabwerera, ndipo ulendo uno ndinapempha kuti pakhale aliyense: mayi, mwana wawo, mkamwini ndi mdzukulu wamkulu, amene ndiye amatsegulira nkhuku m'mawa. Ndinayamba ndi kuvomera zanga, kuti akangaude ndinawaphonya mu Ogasiti ndipo za mapesi sindinachenjeze. Ndinachita dala. Mkamwini anali ndi manyazi aakulu, ndipo munthu wamanyazi pakhomo la apongozi ukamuloza chala amangochoka, osadzamvanso za mlangizi. Ndinamupatsa pepala loyera kuti agwedeze yekha tsamba la matimati. Akangaude anagwa amoyo, akuyenda, masiku anayi chipoperereni. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Ndiye kuti nkhuku zafera zabodza."

Matimati onse tinazula. Tinaganizirapo za abamectin, amene amaphadi akangaude, koma mbewu zinali zitapsa kale moti sizikanabweza ndalama ya botolo, ndipo pakhomo pamene pangofa nkhuku sindinafune kulowetsaponso botolo lina. Zozulazo tinaziika m'matumba pomwepo, osazikoka pansi kudutsa m'dimba, n'kukaziwotcha. Tinazulanso mnadzi ndi nthula zimene zinamera m'mbali mwa mpanda, chifukwa ndi za banja limodzi ndi matimati ndipo akangaude amabisalamo. Tinagwirizana kuti matimati ndi mabilinganya asabzalidwe mpaka mvula itagwa. Mapesi onse opoperedwa anatuluka n'kukwiriridwa.

Chachiwiri chinali madzi, ndipo apa ndi pamene mayiwo anavutika kuvomera. Ndowa 6 pa mabedi 8 ndi kulera mbewu zodwala. Tinatsitsa mabedi kufika pa anayi, olowa pansi kuti madzi asathawe, n'kuwonjezera madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala opanda sopo wambiri. Mbewu yokhuta madzi imapirira nsabwe; yaludzu imagonja msanga. Pa mabedi anayiwo tinaikapo bonongwe ndi chitambe, zimene zimapirira kutentha kwa Okutobala, limodzi la mpiru, ndi anyezi amene analipo kale. Kuphimbira sitinakusiye, koma tinasintha: masamba ouma a mango ndi a nimu, mopyapyala, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde.

Chachitatu, nkhuku. Tinadula zigubu zitatu zakale n'kuziika pa mithunzi, kutali ndi dimba, ndipo ntchito yothiramo madzi m'mawa ndi masana inapatsidwa kwa mdzukulu. Masamba a chisoso ndi bonongwe wokhwima ankamangidwa pa chingwe m'khola kuti nkhuku zipeze chobiriwira chawochawo. Mbali ya ukonde wa udzudzu tinaimanga ndi bango, lothithikana kunsi. Ukonde wa udzudzu pa mpanda ndimaudandaula kawiri: nkhuku imaung'amba, ndipo m'boma la malungo ngati lino malo ake ndi pa mphasa.

Chiswe tinachisandutsa chakudya. Mkamwini anatenga miphika iwiri yong'aluka, anaikamo zidutswa za mapesi ndi ndowe youma ya ng'ombe, anawaza madzi pang'ono, n'kuivundikira pa njira ya chiswe kunja kwa mpanda. M'mawa ankakhuthulira nkhuku. Chiswe m'dimba sichinathe, koma nkhuku zinaleka kuzungulira mpanda ngati akuba, ndipo mkamwini anapeza ntchito imene inamubwezera ulemu.

Chimene ndikufuna anzanga achione bwino ndi mmene tinalowetseranso nkhuku m'dimba. Mabedi anayi opuma aja tinawasiya sabata zitatu chipoperereni. Kenako tinapanga kakhola konyamula ka nsungwi ndi ukonde wakutha wa asodzi, kotalika ngati bedi limodzi. Bedi linkathiridwa ndowa imodzi madzulo, m'mawa n'kulitipula ndi khasu, ndipo nkhuku zitatu kapena zinayi zinkaikidwamo kwa maola awiri kusanatenthe, ndi chomwera chake. Masiku atatu pa bedi, kenako kusuntha. Ndinakhalapo m'mawa wina kuonerera. Khasu likangotembenuza dothi, thadzi linkathamangira mbozi zotuwa zodzipinda ngati mphete, zija zimadula mbande usiku, ndi mphutsi zoyera zonenepa. Mabedi atatu anachitidwa chotero. Lachinayi linatsala chifukwa kunagwa maliro m'mudzi ndipo sabata imeneyo inapita. Lamulo linali limodzi: nkhuku ilowe pa bedi lopanda mbewu, isanabzalidwe kapena itakololedwa, ndipo ilowe ili m'kakhola.

Pa nsabwe tinagwiritsa ntchito nimu, poti mitengo yake ili paliponse kuno. Masamba ankaumitsidwa pa mthunzi, kusinjidwa, ndipo kilogalamu imodzi ya ufawo inkaviikidwa m'malita 10 a madzi ndi kasopo pang'ono kwa tsiku lathunthu, kenako kusefa pa nsalu ndi kuwaza madzulo, kamodzi pa sabata. Njere za nimu ndi zamphamvu kuposa masamba, koma pakhomopo panalibe. Ndinawauziratu kuti nimu sagwetsa tizilombo pompopompo ngati mankhwala a thonje. Amatilepheretsa kudya ndi kukula, ndipo zotsatira zimaoneka pakapita masiku. Mukapanda kunena zimenezi, mlimi amapopera lero, mawa n'kupeza nsabwe zilipo, n'kubwerera kumsika. Sipuleya ya thonje sinalowenso m'dimba. Ankawaza ndi katsache. Mneba wina anabwera ndi nzeru ya fodya woviika, ndinakana: chikonga ndi poizoni kwa munthu ndi nkhuku yomwe. Za ombwe ndinangochenjeza kuti amapha nsomba, choncho amene ali naye asatsukire ziwiya zake kumtsinje kapena kunyanja. Pa njira za nyerere ankawaza phulusa.

Mnzanga wa ziweto atayang'ana m'khola anapeza utitiri womatirira kuzungulira maso ndi malipombo a nkhuku. Anapaka Vaseline, analamula kuti khola lisesedwe, zinyalala ziwotchedwe, pansi pawazidwe phulusa. Chitosi chinayamba kuunjikidwa pa mulu wa manyowa ndi masamba, osati kuthiridwa chachiwisi pa ndiwo monga ankachitira, poti chimawotcha mizu ndiponso si chaukhondo pa masamba odya.

Zimene zinatsatira

Kumapeto kwa Okutobala bonongwe ndi chitambe zinali zikuthyoledwa. Nsabwe pa mpiru zinalipo, koma za apo ndi apo, ndipo ndinapezanso ana a tizikumbu tija pa masamba awiri. Ndinaitana mkamwini kudzamuonetsa, poti poyamba ankawayesa mbozi n'kumawapsinja. Thadzi la m'khitchini lija linaswa anapiye 9. Kabawi anatengapo atatu. Mu Novembala nkhuku zonse, ndi anapiye omwe, zinalandira katemera wa chitopa, patatha miyezi inayi chilandirireni wa Julayi. Tambala anachita kubwereka kwa mchimwene wa mayiwo.

Ndalama za matimati a chaka chimenecho zinapita, pamodzi ndi nkhuku 6 ndi ndiwo za mwezi wathunthu. Mayiwo anandiuza mosabisa kuti makope a teremu imeneyo anagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde.

Mvula itayamba, anawokera mbande za mpiru ndi repu pa mabedi anayi opuma aja. Pa atatu amene nkhuku zinapalasa, mbande zodulidwa usiku zinali zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Pa lachinayi anachita kupakiza kawiri. Ndi khomo limodzi ndi mabedi anayi chabe, sindinganene kuti ndi kafukufuku, koma banjalo linaona ndi maso ndipo kakhola kaja tsopano kamabwerekedwa ndi makomo ena awiri.

Kuchokera pa nkhaniyi ndinasintha kafunsidwe kanga. Ndikafika pa dimba la pakhomo nthawi ya chilimwe, ndisanayang'ane mbewu ndimafunsa kumene nkhuku zimamwa, ndimapempha kuona mabotolo onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ndi a thonje omwe, ndipo ndimafunsa amene amanyamula sipuleya kuti ndilankhule naye ndekha. M'thumba mwanga simusowa pepala loyera. Ndipo wina akaimba kuti chitopa chalowa, ndimafunsa kaye za nkhuku za aneba ndi zimene zinachitika dzulo lake.

Ulendo womaliza unali pakati pa Disembala. Kunja kunali kutabiriwira, nkhuku zinali kutali kutchire, mpanda zilibe nawo ntchito. Matimati atsopano anali pa nazale, kumbali ina ya dimba, masamba ake oyera kunsi ndi kumwamba. Koma pa chitsamba cha kuseri kwa mpanda mdzukulu anandionetsa ana a nunkhadala ataunjikana mulu, ongoswa kumene. Amenewo nkhuku sizidya, ngakhale zitafa ndi njala. Mkamwini anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Tinapangana kuti m'mawa mwake, kusanafunde, iye ndi ana adzawagwedezere m'ndowa ya madzi a sopo.